Khitchini ya Nyenyezi Zisanu

"Ndiye mukudikira kuti ndikuthokozeni?"

Mayi a mapasa anali ataimirira pakati pa balaza, nsapato za kuntchito zikadali kuphazi, pepala lili m'manja. Ine ndinali pampando wanga wachikopa, miyendo ili pakathebulo.

"Sindinapemphe zikomo ine," ndinatero. "Koma ikabwera sindiyibweza. Nyenyezi zisanu, mayi. Werenganinso, mwina magalasi akukunamizani."

"Ndawerenga katatu. Zisanu ndithu. N'chifukwa chake ndikufunsa kuti anakutumani ndani."

"Munthu amachita kutumidwa kuti apulumutse mkazi wake?"

"Ndinakuuzani kuti ndikumira?"

Mkazi wangayu ndi mkulu wa ophika pa chipatala cha m'tauni mwathu, ndipo wagwira ntchitoyi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ine anthu amanditcha Mabodala, chifukwa pasipoti yanga yoyamba inadzaza zidindo mpaka pachikuto. Ndinayamba ndi wilibala yobwereka. Ndasendapo mbatata m'sitima yapamadzi, ndawotchapo nyama m'mahotela momwe mbale imodzi imatsukidwa ndi anthu atatu. Lero ndili ndi buchala ya matailosi mpaka kudenga, ndipo nkhuku ndi nyama yonse imene imadyedwa pachipatalapo imachokera kwa ine. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Pepala limene anagwira lija linali zotsatira za oyendera ukhondo wa zakudya. Firiji ya m'khitchini ya chipatala inali itafa chaka chathacho, moti ophika ankangosungamo matsache. Oyendera atalemba kalata yoti abwera Lolemba, woyang'anira chipatala, amene aliyense amawatcha a Makiyi chifukwa cha mulu wa makiyi wowalendewera m'chiuno, anafika ku buchala kwanga thukuta lili kamukamu.

"Achimwene, atitsekera khitchini," anatero. "Ndipo woyamba kuchita manyazi ndi alamu angawa."

Mayi a mapasa anali atapita kukaona anawo ku koleji. Lamlungu masana ndinakweza pa lole firiji yanga yaikulu ya zitseko ziwiri, imene ndinaoloka nayo mabodala atatu. Ndinakwezanso mapoto atsopano, matabwa odulirapo nyama, zipewa zoyera ndi zitini zinayi za penti. Lolemba mkazi wanga atalowa m'khitchini muja anatulukanso kukawerenga chikwangwani cha pachitseko, kuyesa kuti wasochera. Lachiwiri madzulo ndinakatenga katundu wanga.

"Makalata khumi ndi anayi," anatero mayi a mapasa, akugwedeza pepala lija. "Mwezi uliwonse kalata yopempha firiji. Yankho lake limodzimodzi: tikuganizira. Oyenderawa ndinkawadikira ngati mvula, bambo a mapasa. Ndinkafuna tilephere. Ndinkafuna alembe ndi inki yofiira kuti khitchini iyi ndi yoopsa, akuluakulu aja achite manyazi, agule firiji."

Ndinaseka mpaka kutsokomola.

"Dziko lino ndaliyenda ine, koma wopempherera kulephera mayeso ndamuona lero. Kunja konse amatero, mayi. Woyendera akamabwera m'sitima muja, ngakhale mphaka tinkamusambitsa."

"Mphakayo ankaphikira odwala?"

"Nanga bwanji simunawauze oyenderawo, poti pakamwa muli napo?"

Apa anakhala pansi, navula nsapato imodzi.

"Ndikanati chiyani? Ndinene kuti mayi, firiji mukuisisitayo ndi ya mwamuna wanga, wabwera nayo dzulo kudzakupusitsani? Ndinangoyang'ana pansi ngati chitsiru. Mayi woyendera uja anagwada, n'kukopera m'buku lake nambala ya kumbuyo kwa firiji. Akuti, 'Muziisamala, ndi yabwino kwambiri.' Ine ndinati zikomo."

"Ali ndi diso mayi ameneyo."

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

"Nyererezo waziona ndani? Pepala likuti zisanu."

Tsiku limenelo chakudya changa ndinachipeza pachitofu, chosapakula.

Satifiketi anaiika m'fulemu yagalasi, naipachika pakhomo lolowera odwala, pamwamba pa benchi. Ndikapita kukatula nyama ndinkaima pansi pake pang'ono, kuti ndipume. Alonda ankandichitira sawatcha. Ine sindinkanena kanthu, chifukwa munthu wochita zazikulu sadziimbira ng'oma, koma amene ankandifunsa ndinkamufotokozera bwinobwino.

Patatha sabata, mayi a mapasa anaika kalata pambali pa mbale yanga. Inali kalata yawo yakhumi ndi chinayi ija, itabwerera kuchokera ku likulu. Pakona pake panali chidindo ndi mawu olemba pamanja akuti pempholi n'losafunikira, chifukwa lipoti la oyendera likusonyeza kuti khitchini ili ndi firiji yamakono.

"Mwaiona mphatso yanu?"

"Amenewa ndi makalaliki osayenda," ndinatero. "Ndikawaimbira foni ine."

"Mukawauza kuti chiyani?"

Ndinatafuna kwa nthawi ndithu.

"Ndibwerekeni firiji ija," anatero iwo. "Osati ya masiku awiri. Mpaka kutenthaku kuthe."

"Mayi, firiji imeneyo ndi mtima wa buchala. Ndili ndi maukwati atatu mwezi uno. Mukufuna ndikauze akwati kuti ng'ombe yawo yanunkha chifukwa ndinachita chifundo?"

"Ayi, akwati asadwale. Odwala ndiye adwala kale."

"Ndizikutumizirani madzi oundana m'mawa uliwonse. Ku doko lina ndinaona nsomba zikukhala sabata yathunthu m'madzi oundana, maso ali gwa ngati zamoyo."

"Ku doko kumeneko kunali denga lamalata ndi mapoto anayi owira?"

Madzi oundanawo ndinatumiza masiku anayi otsatizana, ndipo palibe angatsutse. Lachisanu lake lole inali ndi ulendo wina. Kenako nkhaniyo inangozilala yokha, monga zimachitikira.

Mkazi wanga anayamba kufika kunyumba mochedwa, manja akununkha sopo wochapira pansi. Nkhuku iliyonse ankayinunkhiza yekha asanailole kulowa mumphika. Yokayikitsa ankataya. A Makiyi anamuitanira ku ofesi kawiri.

"Akuti ndikuwononga chakudya cha boma," anandiuza. "Akuti khitchini ya nyenyezi zisanu singataye nkhuku zisanu ndi zitatu pa sabata. Aletsa. Kutaya chilichonse tsopano mpaka iwo asaine."

"Ndiye muziwapatsa asaine."

"Mukawapeze kuti? Makiyi amamveka kukhonde, mwini wake saoneka."

Loweruka la sabata yachitatu linali tsiku lopuma la mayi a mapasa. Tinali pakhonde, ine ndikuwafotokozera mmene ndinagonera masiku atatu pabodala lina chifukwa cha chidindo chimodzi, pamene foni yawo inalira. Anaiika kukhutu, namvetsera. Kenako anadzuka, kapu ya tiyi n'kugubuduka, naloza lole ndi chala.

"Ndiperekezeni."

Nkhuku zimene ndinatula Lachisanu m'mawa zinagona m'beseni mpaka Loweruka. Ophika achinyamata anaona kuti zasintha mtundu, koma wosaina kunalibe. Anazitsuka ndi viniga, nathira tsabola wambiri. Pofika masana anthu makumi awiri ndi atatu anali akusanza ndi kutsegula m'mimba. Mabedi anachepa. Ena anawagoneka pamatilesi m'khonde, madilipi atapachikidwa pamisomali ya mawindo. Ovutika kwambiri anali a mu wodi ya amayi ongobereka kumene.

Ine ndinaima pakhomo. Sindiopa zinthu ine, ndaonapo namondwe pakati pa nyanja, koma fungo la m'khonde muja linandibweza. Mkazi wanga analowa osatseka mphuno.

Lachitatu anabwera kunyumba dzuwa likadali pamutu, atanyamula kachikwama momwe munali apuloni, kapu yawo ndi mpeni umene anagula okha.

"Andiimitsa ntchito."

"Pa chifukwa chanji? Inu kunalibe tsikulo."

"Si za nkhuku. Werengani."

Ndinawerenga. Kalatayo inati firiji ya chipatala, nambala yakutiyakuti, yolembedwa m'lipoti la oyendera, yasowa m'khitchini. Inati firiji ya nambala yomweyo yaoneka mu buchala ya mwamuna wa mkulu wa ophika. Inati odwala anadya zowola chifukwa cha kusowa kwa firijiyo. Pansi pake anasaina a Makiyi.

"Ndaba firiji yanga yomwe?"

"Inu ayi. Ine. Inu mwangondisungira."

"Munthu ameneyu anabwera yekha kwa ine, akulira ngati mwana wotayika pamsika."

"Analemba penapake kuti wabwereka?"

"Anthu aulemu salemberana."

"Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo," anatero mayi a mapasa, nalowa kuchipinda.

M'mawa mwake ndinavala suti yanga yotuwa, ya telala wakunja, n'kupita kwa a Makiyi. Anandilandira ndi manja awiri, natseka chitseko, nandipatsa mpando wabwino.

"Achimwene, musakwiye. Likulu linandifunsa kuti firiji ya m'lipoti ili kuti. Ndikanati chiyani? Mutu ukakula sulewa nkhonya, koma nkhonya iyi ikanatigwetsa tonse. Inu kontirakiti yanu, ine mpando wanga."

"Ndiye mwasankha kugwetsa mkazi wanga."

"Kugwa kwake kwapati? Mverani. Bwalo likhala Lolemba. Inu bweretsani firijiyo Lamlungu, mwakachetechete. Alamu anene kuti anaitengera kwanu kuti ikakonzedwe, anangoiwala kulemba. Tiwapatsa kakalata kachenjezo, basi. Ntchito ibwerera, satifiketi ikhala pakhoma, inu mupitiriza kutula nyama. Odwala nawonso apeza firiji. Walira ndani?"

Kunena zoona, nzeru imeneyi inandikomera. Firiji ndi chiyani kwa munthu ngati ine? Ndinagula imodzi, ndikhoza kugula khumi. Ndinafika kunyumba ndikuimba mluzu, nditanyamula keke.

"Mayi a mapasa, tandipatseni madzi akumwa. Mwamuna wanu wathetsa nkhani."

Anandipatsa madziwo, namvetsera mpaka kumapeto, manja atapinda pachifuwa.

"Ndiye ndikaime pamaso pa anthu ndinene kuti ndinatenga katundu wa chipatala."

"Kukakonzetsa."

"Firiji yatsopano, yoti lipoti likuti ndi yamakono, kukakonzetsa ku buchala. Ndipo amayi aja anatsala pang'ono kufa chifukwa ine ndinaiwala kulemba."

"Ndi mawu chabe amenewo. Kakalata kamodzi, kolowa m'faelo, kodyedwa ndi mphemvu."

"Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, bambo a mapasa. Ophika anzanga amatuluka ndi mafuta m'mabotolo a mankhwala, shuga m'masokosi. Ine ngakhale fupa la galu sindinatulukepo nalo pageti paja. Inu nomwe munkandiseka kuti ndine wopusa. Dzina limenelo ndi limene ndili nalo. Ndilibe buchala ine, ndilibe pasipoti."

"Nanga odwala? Si inu mumafuna firiji? Nayi ikubwera, yaulere."

Apa ndinaona kuti ndawagwira. Anayang'ana keke ija ngati ili ndi yankho.

"Ikubwera, inde," anatero pomaliza. "Ndipo chaka chamawa madzi akadzasiya kutuluka, a Makiyi adzabwereka mpope. Chitofu chikadzafa, adzabwereka chitofu. Nthawi zonse padzapezeka wachifundo wa lole, ndi wophika woti asenze mlandu. Ndinakhala chete kamodzi kuti ndikutetezeni. Anthu makumi awiri ndi atatu alipira chete ameneyo."

"Ndikanena zoona kontirakiti yatha. Mukudziwa zimenezo?"

"Ndikudziwa."

"Ndipo tauni yonse idzati Mabodala ndi kathyali."

"Pakali pano ikuti mkazi wa Mabodala ndi mbava. Dzulo pamsika mayi wogulitsa tomato anasuntha chikwama chake nditayandikira. Sankhani chimene chikukomerani m'khutu. Koma mukakweza firiji ija pa lole Lamlungu, mukwezenso sutikesi yanga. Mukanditule kwa achimwene anga."

Keke ija inakhala pathebulo masiku awiri osaidula.

Lamlungu lole sinayende. Sindinganene kuti ndinagona bwino, koma sinayende.

Bwalo linakhala m'chipinda cha misonkhano, pamwamba pa khitchini. Panali akuluakulu awiri a ku likulu, a Makiyi, ndi mayi woyendera uja, wamfupi, wa magalasi pamphumi, buku lake lili patsogolo. Mkazi wanga anakhala pampando wapakona atavala diresi la kutchalitchi. A Makiyi atandiona ndikulowa ndi chikwama m'malo mwa firiji, makiyi awo anasiya kulira.

Oyamba kulankhula anali a Makiyi. Anati ndi zomvetsa chisoni kuti wantchito wokhulupirika angagwe m'mayesero. Anati firiji ija inali kunyada kwa chipatala. Mmodzi wa a ku likulu anandiyang'ana.

"Bambo, katundu wa chipatala akutani mu buchala yanu?"

Ndinaimirira, ndinamanga batani la jekete. Ndalankhulapo ndi akuluakulu a kasitomu m'zinenero zitatu, ndiye bwalo la anthu anayi silikanandinjenjemeretsa.

"Akuluakulu, chipatala chino chilibe firiji, ndipo sichinakhalepo ndi firiji ngati imeneyo. Firiji imeneyo ndinaigula ndekha, ndinaimanga ndekha pa lole, ndinagona nayo pamabodala atatu. Nawa mapepala ake." Ndinawayala pathebulo limodzilimodzi, zidindo zikuoneka. "Onani nambala. Onani dzina. A Makiyi anabwera kudzandipempha, ine ndinabweretsa. Osati firiji yokha. Mapoto amene munawayamikira aja ndi anga. Zipewa, zanga. Penti, yanga. Khitchini yonse ija ndinaisandutsa hotela m'maola asanu, ndi anthu atatu okha. Mkazi wanga sanadziwe kanthu mpaka Lolemba m'mawa."

"Sindikukumbukira zimenezo," anatero a Makiyi.

"Mukumbukira mukaona chithunzi ichi. Ndinu amene mwagwira chitseko apa, kuti firiji ilowe."

Chithunzicho ndinajambulitsa tsiku lija kuti ndidzaonetse anzanga. Foni inayenda dzanja ndi dzanja. Ine ndinayang'ana mkazi wanga kuti aone mwamuna amene anakwatiwa naye. Iye anali kuyang'ana mayi woyendera uja.

Mayiyo anatsitsa magalasi, nayerekeza nambala ya m'buku lake ndi ya pamapepala anga. Analankhula motsitsa mawu, ngati akufunsa njira.

"Bambo, Lachiwiri lija, pamene munkatenga firiji yanu, munali chiyani m'kati mwake?"

"Nkhuku. Mkaka. Nyama yogaya pang'ono."

"Anatulutsa ndani?"

"Ine ndemwe. Sindilola munthu wina kugwira mashelefu ake, amathyoka msanga."

"Munaziika pati?"

"Pathebulo."

"Pathebulo," anabwereza mayiyo, akulemba. "Inu mumagulitsa nyama, ndipo mwati munaphikapo m'mahotela. Nkhuku yaiwisi imakhala maola angati pathebulo, nyengo yotentha ngati ino?"

Yankho ndinkalidziwa. Ndimaliphunzitsa kwa aliyense amene ndamulemba ntchito, tsiku lake loyamba. Koma ndinangoyamba kusonkhanitsa mapepala anga.

"Chabwino," anatero mayiyo. Kenako anatembenukira kwa mkazi wanga. "Nanga inu mayi, tsiku lija munandiuza kuti zikomo."

"Ndinatero. Ndinalakwa. Lembani."

Analemba. Chigamulo sichinachedwe. Mlandu wakuba unafafanizidwa, ndipo mkazi wanga anauzidwa kuti abwerere ku ntchito, ndi chenjezo la kukhala chete kuja. Analilandira ndi manja awiri. Khitchini inatsekedwa mpaka likulu litagula firiji, ndipo chakudya cha odwala chinayenera kumachokera ku chipatala china. A Makiyi anauzidwa kuti asiye makiyi awo pathebulo, zimene zinatenga nthawi ndithu. Kontirakiti yanga inathera pomwepo.

Tikutsika masitepe tinapeza mlonda akuchotsa satifiketi ija pakhoma. Sanandichitire sawatcha. Pabenchi pansi pake panakhala bambo wina wowonda, wa malaya a ntchito ya zomangamanga, atanyamula khanda lokulungidwa m'thaulo. Ankayesa kulimwetsa mkaka wa m'botolo, khandalo likukana. Mayi a mapasa anaima.

"Akupeza bwanji mayi ake?"

"Dilipi achotsa lero, mayi. Koma mkaka sunabwerebe m'mawere. Akuti tidikire." Kenako anandiyang'ana, nadzuka msangamsanga, khanda lili kudzanja limodzi. "Kodi si bambo a buchala awa? Ndamva anamwino akunena kuti inu munabwereketsa firiji yanu ku chipatala chino."

Anandigwira dzanja mwamphamvu, dzanja lokhakhala ndi simenti.

"Mulungu akudalitseni, bwana. Anthu olemera ambiri satiganizira ife. Akanakhalapo awiri atatu ngati inu, mkazi wanga sakanagona apa."

Ndinayang'ana kugeti. Lole yanga inali pomwepo, mapazi makumi awiri okha. Mayi a mapasa anatenga khanda lija m'manja mwa bamboyo, naliika paphewa, nayamba kulisisita pamsana.

"Auzeni, bambo a mapasa," anatero osandiyang'ana. "Auzeni kuti munabwereketsa masiku angati."

"Awiri," ndinatero.

"Awiri?"

"Tsiku la oyendera, ndi lotsatira lake."

Bamboyo anapitiriza kumwetulira kanthawi, akundiyang'ana m'maso. Kenako kumwetulirako kunatha. Anasiya dzanja langa pang'onopang'ono, napukuta lake pamalaya.